Orton Anatsala ku Dzalanyama

1

Ndiyambe ndi kukuuzani chilungamo: pamene Orton anali moyo, ine sindinagonepo ndi mwamuna wina. Ndikunena zimenezi poyambirira penipeni chifukwa bodza limeneli ndi limene linandilanda mwana wanga, ndipo mpaka lero alipo amayi ena kutchalitchi amene akandiona amayamba kukonzakonza duku ngati sanandione.

Dzina langa ndine Eveless. Kwathu ndi ku Mitundu, ndipo ntchito yanga ndi yophika makeke a maukwati. Mwamuna wanga, Orton Mwalughali wa ku Karonga, ankagwira ntchito ya boma ku Kapitolo. Tinkakhala ku Area 14 ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Tusekile, amene pa nthawiyo anali mu sitandade 4.

Orton sankamwa, sankasuta, za akazi ayi, ngakhale mpira sankautsata. Anzanga akamadandaula za amuna awo, ine ndinkangomwetulira ngati munthu amene wakhoza mayeso yekha m'kalasi. Ndikanadziwa ndikanamugulira ndekha mowa, chifukwa woledzera, ngakhale adzandire chotani, amafika kunyumba.

Matenda a Orton anali golide. Amene anamupatsira ndi Clifton, mnzake wa ku sekondale, yemwe anali bwana pa banki ina ku City Centre. Wachitatu anali Shabir, mwini shopu ya hadiweya ku Old Town. Atatuwa anamva mphekesera yoti kalekale Apwitikizi anakumba mgodi wa golide m'mapiri a Dzalanyama, kenako anautseka pothawa nkhondo, ndipo palibe amene anaupezanso. Kaya nkhaniyo anaipeka ndani, kaya. Koma amuna akuluakulu, ovala matayi, anaikhulupirira ndi mtima wonse. Anaitanitsa kunja makina ofufuzira zitsulo pansi, aja okhala ngati mopu, amene amalira kuti tswii akadutsa pa chitsulo.

Tsiku loyamba anawayesera pa kapinga wathu. Anafukula misomali, zitsekerero za mabotolo ndi supuni yanga ya tiyi imene inasowa kalekale.

"Mwaona, mayi a Tuse?" anatero Orton, atakweza supuniyo m'mwamba ngati chikho cha mpira. "Lero supuni, mawa golide."

"Mukamaliza mukonze kapinga wangayo, bambo a Tuse. Mwapasandutsa ngati pokumba mbewa."

Tonse tinaseka. Kunena zoona, ndinkasangalala kumuona akusangalala choncho.

2

Patapita chaka, masewera aja anasanduka ntchito. Loweruka lililonse unali ulendo wa ku Dzalanyama. Anapeza dzenje lakale lodzaza madzi ndi matope, mkatikati mwa nkhalango, kumene kukumba n'koletsedwa. Anayamba kulikumba mobisa, osafuna ngakhale aganyu, kuopa kuti angaulule. Shabir anabweretsa pampu, chingwe ndi mapaipi achitsulo opopera madzi. Wolowa pansi nthawi zonse anali Orton chifukwa anali wochepa thupi. Clifton ndi mimba yake ya kubanki ija sakanakwana.

"Nanga mukafuna kutuluka amakumvani bwanji?" ndinamufunsa tsiku lina akutsuka jombo zake.

"Mawu samveka bwino pansi paja. Ndimangomenya paipi ndi hamala. Akamva ngo ngo ngo, amandikoka."

Kenako panabwera lamulo. Analitenga kwa anthu okumba golide m'midzi ya kufupi ndi phirilo. Amati wolowa m'dzenje ayenera kukhala wozizira: sabata imeneyo asakhale malo amodzi ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo kunyumba adike, asayerekeze kuyenda ndi mwamuna wina. Akaphwanya, ndiye kuti wamudula mwamuna wake, nthaka imamutsekera.

Kwa ine mwana wa ku Mitundu zimenezi sizinali zachilendo. Mayi anga ankadika bambo akamaotcha uvuni wa njerwa. Chimene chinandiseketsa n'chakuti Orton, mkulu wa mpingo, wa digiri yake, ananyamula pilo kukagona kuchipinda cha alendo.

"Inu ndi Baibulo lanu lija, mukuopa mdulo?"

"Sindikuopa ayi. Koma kusamala sikulakwa. Inunso mudike, pulizi."

"Nanga ndingapite kwa yani? Wanga ndinu nokha, ngakhale mwasanduka mfuko."

3

Linali Loweruka la mu Disembala, mvula itayamba kale. Ndinamuuza kuti nthaka yafewa, adikire chilimwe. Anangondigwira paphewa, poti kupsompsona kunali koletsedwa sabata imeneyo, nati ulendo uno ndi womaliza chaka chino. Tusekile anamupempha kuti amubweretsere masuku.

Ine tsiku limenelo ndinali ndi keke yaikulu yokapereka ku loji ina ku Area 47, kumene kunali phwando la ukwati. Poti galimoto yathu inali itapita kuphiri, ndinaitana a Percy, bambo wa takisi amene ankandinyamulira makeke. Panjira tinagwera m'dzenje la mumsewu, keke inatsetsereka n'kuphwanyika mbali imodzi. A kulojiko anandipatsa chipinda china kuti ndiikonzere kutali ndi maso a alendo, a Percy akundigwirira thireyi. Titamaliza tinatuluka tonse awiri, ine thukuta lili kamukamu, ndikuseka chifukwa ndinali nditapulumuka manyazi. Wina anationa.

Lamlungu masana galimoto yathu inaima pa geti. Ankayendetsa ndi Clifton, Shabir ali pambali pake, Orton mulibe. Shabir sanatsike n'komwe.

"Alamu, takhalani pansi," anatero Clifton.

"Ali kuti?"

"Tinasiyana dzulo masana. Anati akukaona phanga lina kuseri kwa phiri, ife titsale pamsasa. Sanabwerere. Tamufunafuna paliponse."

"Nanga kudzenje kwanu kuja?"

"Dzenje lija tinalisiya kalekale, alamu. Munalibe kanthu."

Apolisi, alonda a nkhalango ndi anthu a m'midzi anasakasaka kuseri kwa phiri, kumene Clifton anawalozera. Sanapeze ngakhale nsapato. Ine ndinkangoimba foni yake, ndikudziwa kuti ndi yozima, ndipo galimoto iliyonse yodutsa mumsewu wathu inkandiimiritsa pawindo. Patatha miyezi abale anati mzimu wa munthu sungamangoyendayenda m'tchire. Anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'nsalu yoyera, naliika m'bokosi, ndipo tinakaliika m'manda ku Karonga. Ndinalirira nthochi imeneyo mpaka mawu anatha.

4

Nkhani ya kuloji inayamba kuyenda tisanachoke n'komwe kumaliro. Amene anaisenza pamutu anali a Lucy, mchemwali wake wamkulu wa Orton, mayi waudindo mu unduna wina, wokhala ku Area 9. Titabwerera ku Lilongwe anandiitanitsa kunyumba kwawo. Ndinapeza amalume awiri atakhala kale pabalaza.

"Mlamu, tsiku limene mchimwene wanga anasowa munali kuti?"

"Ndinakapereka keke."

"Keke imaperekedwa kuchipinda chogona? Chitseko chotseka?"

"A Lucy, keke inaphwanyika, ndimaikonza. Afunseni a Percy."

"Tifunse wakuba ngati anaba? Orton anakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti mudike. Ife tikudziwa zonse."

Ndinadabwa kuti za kudikazi anazimva kwa yani, poti zinali za m'nyumba mwathu, koma mutu unali utaima. A Lucy, amene amayenda ndi Baibulo m'chikwama ndi lina m'foni, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndinamudula mchimwene wawo.

Kwathu ku Mitundu mwana ndi wa kuchikazi. Koma Orton anandilowola, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo kwa iwo Tusekile anali wa kwa Mwalughali. Anati mwana sangaleredwe ndi mkazi wachiwerewere amene anapha bambo ake. Ndikanatha kupita kukhoti, ndipo ena anandiuza kuti ndikanawina. Koma nyumba ya boma anali atandiuza kale kuti ndituluke, maoda anatha poti palibe mkwatibwi amene amafuna keke ya mkazi wodula mwamuna, ndipo ngakhale mayi anga ondibereka anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona kuti, "Koma iwe, unadikadi?" Mphamvu zinandithera pamenepo.

Tusekile anapita ku Area 9 ndi kachikwama kake ka pinki. Ine ndinapeza kachipinda ku Mchesi. Nthawi yoweruka ndinkapita kukaima kunja kwa mpanda wa sukulu yake, pakati pa amayi ogulitsa zitumbuwa, kuti ndingomuona akukwera galimoto ya a Lucy. Poyamba ankandibayibitsa mobisa. Kenako anayamba kuyang'ana kumbali.

5

Munthu mmodzi yekha amene sananditaye anali Clifton. Mkazi wake anali atamusiya kale n'kupita kunja. Ankabwera ku Mchesi ndi thumba la fulawa, kundipezera maoda kubanki kwawo, kundiperekeza kuchipatala BP ikakwera. Za Orton sankatchula. Ndikayamba ine, ankaimirira n'kunena kuti wakumbukira miting'i.

"Alamu, ine ndikudziwa kuti inu simunalakwe," ankatero. Mawu amenewo ndi amene anandigwetsa. Mu Lilongwe yense munalibe wina wondiuza zimenezo, ndipo ndinali ndi ludzu lowamva.

Patapita zaka zitatu tinakwatirana kwa a DC, popanda phwando, keke ndinaphika ndekha. A Lucy atamva anati, "Si izo! Ndiye kuti analipo ambiri." Ndinasamukira kwa Clifton ku Area 43, nyumba yaikulu ya mpanda wautali, ndipo chaka chotsatira ndinabereka mwana wamwamuna, Madalitso.

Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona zachilendo. Mukudziwa mmene timagogodera mageti muno mu Lilongwe, ndi kiyi kapena kamwala. Kwa Clifton zimenezo kunalibe. Anaikitsa belu lamagetsi, nalembetsa pa geti ndi penti yofiira kuti OSAGOGODA. Mayi wina wogulitsa masamba atagogoda ndi kamwala, Clifton anatuluka m'bafa ndi thawulo lokha n'kumukalipira mpaka mayiyo anagwetsa beseni. Tchalitchi anasintha chifukwa ku lakale belu lake linali limu ya galimoto yomenya ndi chitsulo. Tikamadutsa kwa amisiri okhoma zidebe ku Old Town ankatseka magalasi ndi kukweza wailesi mpaka makutu kuwawa. Ine kukhitchini ndinaletsedwa kugogoda supuni pa poto.

"Kodi ndi chiyani, bambo a Mada?"

"Mutu. Phokoso la chitsulo limandipweteketsa mutu. Ndi sitiresi ya kuntchito basi."

Ndinakhulupirira. Kapena ndinene kuti ndinasankha kukhulupirira, chifukwa mavuto ndinali nditatopa nawo.

6

Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa, ndipo madzi anali atasiya kwa masiku angapo. Nyumba yathu inali ndi thanki, choncho madzi akasiya sitinkadziwa n'komwe, koma sabata imeneyo thankiyo anali ataitsitsa kuti aikonze. Lamlungu masana tinali patebulo, Madalitso ali pamwendo panga, ndipo mwadzidzidzi madzi anabwera. Amene mumakhala m'tauni mukudziwa zimene mapaipi amachita mukalowa mpweya. Anayamba kugunda m'khoma monse, ngo ngo ngo, kuchokera kubafa mpaka kukhitchini.

Clifton anadzambatuka, mbale n'kugwa. Nkhope yake inatuwa ngati phulusa. Anathamangira kubafa, ine pambuyo, ndipo ndinamupeza atagwada pansi pa sinki, atagwira paipi ndi manja awiri, pakamwa ataika pafupi ndi chitsulocho.

"Siya, Orton! Siya kumenya, atimva! Tibweranso, aise, ndalumbira tibweranso!"

Madzi anayamba kutuluka pampopi, kugunda kuja kunasiya. Clifton anatembenuka n'kundiona nditaima pakhomo ndi mwana m'manja. Tinayang'anizana. Pomwepo ndinakumbukira zimene Orton anandiuza za paipi ndi hamala.

"Munati munasiyana kuseri kwa phiri," ndinatero.

"Ndikudwala, Eve. Sindikudziwa zimene ndikunena."

Anakadzitsekera kuchipinda. Ndinatola zidutswa za mbale, ndinatseka mpopi, ndinamupatsa mwana phala.

7

M'mawa mwake ndinabereka Madalitso kumsana, ndinakwera minibasi mpaka kudepoti, n'kuyenda wapansi kupita ku shopu ya Shabir. Chisowereni Orton, munthuyu ankandithawa. Kumaliro sanabwere, ku ukwati wathu sanabwere, ndipo akandiona mumsewu wa Malangalanga ankalowa m'shopu ya eni ake ngati akufuna kugula kanthu. Tsiku limenelo analibe kothawira. Ndinamupeza kuseri kwa kauntala, ataonda, ndevu zitachita mbuu.

Mashelefu anali odzaza ndi penti, maloko, mawaya ndi misomali. Ndinayang'ana uku ndi uku.

"A Shabir, ndikufuna paipi yachitsulo."

"Sitigulitsa, mayi. Tili ndi za pulasitiki zokha."

"Munasiya liti?"

Anatseka chitseko cha shopu, anandipatsa mpando, iye n'kukhala pa chitini cha penti.

"Ndinkadziwa kuti tsiku lina mudzabwera," anatero. "Ndimapemphera, ndimasala kudya, ndimapereka kwa osauka, koma chinthu ichi sichichoka."

Anandiuza zonse. Dzenje lija sanalisiye ayi. Orton analowa mmenemo Loweruka lija monga mwa nthawi zonse. Khoma la mbali imodzi, litanyowa ndi mvula, linagumuka n'kutseka pakati. Iye anatsala pansi, wamoyo, mpweya ukumufikira kudzera m'paipi, ndipo anayamba kumenya. Awiriwa anafukula ndi mafosholo, koma dothi linkangogumukirabe. Ali mkati mwa ntchitoyo anamva galimoto ya alonda a nkhalango ikukwera cha kumunsi, kenako mawu a anthu.

"Ine ndinati tiwaitane atithandize. Analipo ambiri, akanamutulutsa. Clifton anati, 'Wapenga? Ukufuna mawa tituluke m'nyuzi, bwana wa banki wagwidwa akukumba m'nkhalango? Adutse kaye.' Koma Orton sankasiya kumenya, ndipo phokosolo linkamveka patali."

"Ndiye munatani?"

"Clifton anamasula paipi ya pamwamba, yotsalayo anaitseka ndi malaya ake, n'kukwirira ndi dothi ndi masamba. Ine ndinamuthandiza, mayi, sindinama. Tinabisala. Timaganiza kuti alondawo angodutsa, koma mvula inawagwira, anamanga msasa pafupi pomwepo mpaka kunacha. Atachoka tinafukula paipi ija, tinaitana, tinamenya ifenso. Kunali zii."

Madalitso anayamba kulira kumsana kwanga. Sindinathe ngakhale kumugwedeza.

"Chilipo china," anatero Shabir, maso ali pansi. "A Lucy anayamba kufunsa mafunso ambiri, ankafuna kuti tiwatengere kudzenje akaone okha. Clifton ndi amene anawauza za kudika. Za kuloji anazimva kwa mnzake wa kuntchito amene anali ku ukwati uja, n'kukazitula kwa a Lucy. Kuyambira tsiku limenelo palibe anafunsanso za dzenje. Onse ankafunsa za inu."

8

Sindinabwererenso ku Area 43. Shabir anakhoma shopu, tinapita limodzi kupolisi. Apolisi anakamutenga Clifton kuofesi kwake, tayi ili m'khosi, ndipo akuti sanakane ngakhale pang'ono. Anangofunsa ngati m'selo muli mapaipi.

Ndinamuona kamodzi mlandu usanayambe.

"Munandikwatira chifukwa chiyani?"

"Poyamba ndimafuna kukonza zimene ndinakuchitirani. Kenako ndinakukondani zenizeni, Eve. Pamenepo pokha sindinaname."

"Munandilanda mwamuna, munandilanda mwana, munandiipitsira dzina, ndiye n'kubwera ndi thumba la fulawa?"

"Ndimaganiza kuti alonda aja achoka msanga."

Ndinkafuna kumulavulira, koma m'kamwa munali mouma.

Shabir anawalozera apolisi malo, ndipo anakafukula. Anapeza mafupa a Orton atakhala tsonga, chisoti chili kumutu, hamala ili pamwendo. Za golide, m'dzenjemo munalibe ngakhale kachidutswa. Tinapitanso ku Karonga, anachotsa bokosi la nthochi lija n'kuikamo mwini manda. Ulendo uno anandikhazika kutsogolo, pamphasa ya namfedwa, ndipo amalume aja ankalephera kundiyang'ana.

Chiyambire pamenepo matenda a Clifton anandilowa inenso. Wina akagogoda geti la oyandikana nawo, ndimayamba kuganiza kuti Orton anamenya kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ankaganiza chiyani mpweya utayamba kuchepa. Iye ankadziwa kuti anzake ali pamwamba. Ankadziwa kuti akumumva.

9

Titabwerako ku Karonga, a Lucy anandiitana ku Area 9. Ndinapita ndi Madalitso poti ndinalibe womusiyira. Mayi wolusa uja ndinamupeza atafota. Anagwada pamaso panga pa matailosi, munthu wamkulu ndi udindo wake.

"Mlamu, tinakulakwirani. Mawu ndilibe. Mwana ndi wanu, mutengeni lero lomwe ngati akufuna."

Zaka zonsezi ndinkalota tsiku limeneli, ndipo m'kanyumba kamene ndinachita lendi ku Falls ndinali nditaika kale bedi ndi makatani a pinki, osaganiza n'komwe kuti mwina anasiya kukonda pinki.

Tusekile anatuluka kuchipinda. Anali atatalika kundiposa, mtsikana wa fomu 1, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Sanandikumbatire. Anakhala pampando wapatali, manja ali pamaondo.

"Tuse, mwana wanga, wamva zonse. Sindinawaphe adadi ako."

"Ndamva, amami."

"Ndiye tiye kwathu."

Anayang'ana mwana amene anali pamwendo panga, akuyamwa chala.

"Ameneyo ndi mwana wa munthu uja?"

"Ndi mlongo wako, Tuse. Dzina lake ndi Madalitso."

"Adadi ankamenya paipi, iye n'kutsekapo ndi malaya. Inu malaya ake mwakhala mukumuchapira." Mawu ake sanakwere, ndipo misozi inalibe. "Ndikudziwa kuti simunkadziwa, anti andifotokozera. Koma ndikamuyang'ana ameneyo ndikuona maso a munthu uja, ndipo ndikulephera kupuma."

A Lucy anayesa kulankhula, koma ndinawaletsa ndi dzanja.

"Ndiye ukufuna ndichite chiyani, mwana wanga?"

"Ndizibwera Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Koma iyeyo ndisamamupeze."

Ndinavomera. Musandifunse ngati ndinayamba ndaganiza, sindinaganize. Nditangomva kuti "ndizibwera", zinazo sindinazimvenso.

10

Clifton ali kundende. Shabir naye analandira chilango chake, chocheperako. Maoda a makeke anabwerera ndipo dzina langa linayera.

Lamlungu lililonse ndimadzuka m'mamawa, kumusambitsa Madalitso, n'kukamusiya kwa mng'ono wanga ku Kawale. Ndikabwerako ndimachotsa tinsapato take pakhomo, zidole ndimaponya pansi pa bedi, zovala zake ndimaanula ngakhale zisanaume. Tusekile amafika, timadya, amandiuza za kusukulu, masiku ena amaseka ndithu. Mwezi wathawu anagona pamwendo panga ndikumuluka tsitsi, ndipo ndinakhala osasuntha mpaka mwendo unachita dzanzi. Dzuwa likapendeka amabwerera ku Area 9, ine n'kukatenga mwana wanga winayo.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, tili ndi khalidwe lina loipa. Mwamuna akafa mosadziwika bwino timathamangira kufunsa kuti mkazi wake anali kuti. Funso limenelo ndi lokoma m'kamwa, limafika ku Kawale lisanathe kunenedwa ku Area 9, ndipo amene ali ndi chobisa amalidziwa bwino ntchito yake. Anthu ophunzira, opemphera, anasiya kufunsa amuna awiri amene anabwera ndi galimoto yopanda mwini wake, n'kumandifunsa ine za keke. Tsiku lina mukadzamva anthu akunong'onezana za mkazi wamasiye, mudzayambe mwafunsa kuti wayambitsa nkhaniyo ndani, ndipo ikumuthandiza chiyani. Mlandu suola, n'zoona, koma pamene ukudikira tsiku lake ana amakhala akukula.

Madalitso tsopano akulankhula bwinobwino. Za ku Dzalanyama sadziwa, kumene kuli bambo ake sadziwa, ndipo mchemwali wake amangomuona pachithunzi. Lamlungu lapitali ndikumumanga zingwe za nsapato anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Amami, mlendo wanu uja akamabwera, bwanji ine mumandibisa? Ndinalakwa chiyani?"

Ndinamaliza kumanga zingwezo, ndinamunyamula, ndipo tinapita ku Kawale. Yankho ndilibe mpaka lero. Ngati wina mwa inu ali nalo andithandize, chifukwa Lamlungu likubweranso.